LAMULO LA PAKATI PA MAIKO: WOWERUZA ALIPO, MESENJALA PALIBE

Abale athu a m'migodi ndi m'mapulazi a ku Kadoma ndi ku Chegutu, pali funso limene limveka kawirikawiri m'makomboni pamene munthu walandidwa nyumba, kapena wamanidwa citupa, kapena wacotsedwa nchito wopanda malipiro ace. Funsolo ndi ili: kodi Boma likalakwa liweruzidwa ndi yani? Munthu akaba mbuzi apita naye kwa mfumu. Mfumu ikakhotetsa mlandu apita kwa woweruza wa Boma. Nanga Boma lomwe likakhotetsa, pamwamba pace pali ciani? Ophunzira ayankha kuti pali lamulo la pakati pa maiko, ndilo mapangano ndi miyambo imene maboma amangana nayo okha okha. Ayankha zoona. Koma ife lero tifuna kulipenya lamulolo monga munthu apenya khasu asanaligule, kuti tidziwe pamene liri lolimba ndi pamene liri ndi mng'alu. Pakuti mlandu umene unaonetsa poyera mphamvu yace ndi kufooka kwace m'cigawo cino ca Africa unabadwira pakhomo pathu pomwe, pa pulazi la Mount Carmel m'boma la Chegutu.

Kwathu, kuti mlandu uthe pafunika zinthu zitatu: lamulo lodziwika kwa onse, woweruza amene onse awiri amlemekeza, ndi mesenjala amene adzapita kukamasula mbuzi m'khola la wolakwa akakana kulipa. Lamulo la pakati pa maiko liri nazo ziwiri zoyambazo, ngakhale moperewera, cacitatu liribe. Ndipo liri ndi cirema cina coposa ici: linapangidwa ndi maboma, kupangira maboma, kotero kuti kwa zaka zambiri munthu wa nchito anali ngati katundu wokambidwa pa bwalo, wopanda mpando ndi wopanda mau. Zirema ziwirizi tizilondola kuyambira kumene zinacokera kufikira pakhomo pathu.

KUMENE LAMULOLI LINACOKERA

Lamuloli linaleredwa ku Ulaya. M'caka ca 1625 munthu wina wophunzira wa ku Holland, dzina lace Hugo Grotius, analemba buku lonena za malamulo a nkhondo ndi a mtendere, pa nthawi imene nkhondo ya zaka 30 inalikupasula midzi ya ku Germany. Nkhondoyo inatha mu 1648 ndi mapangano a ku Westphalia, ndipo ophunzira ambiri amati kuyambira pamenepo unakhazikika mwambo wakuti mfumu iri yonse ndiyo mwini mau m'dziko lace, wakunja asaloweremo. Pa mwambo umenewu pamera cokoma ndi cowawa pa tsinde limodzi. Ndiwo uchinjiriza dziko laling'ono kuti lalikuru lisalimeze. Ndiwonso uchinjiriza Boma losalungama kuti wina asalifunse za anthu ace. Cifukwa ca mwambo womwewo Boma silimangidwa ndi pangano limene silinalibvomere, ndipo silikokeredwa ku bwalo limene silinalilole.

Koma mafumu a kuno sanawerengedwe m'gulu la eni mau. Kuyambira November 1884 kufikira February 1885 nthumwi za maiko 14 zinasonkhana ku Berlin kupangana za malonda ndi za katengedwe ka maiko a Africa. M'cikalata cao anachulamo Zambezi, Shire ndi nyanja ya Nyasa. Koma mwa anthu akumwa madzi amenewo panalibe ndi mmodzi yemwe wokhala pa mpando. Mu 1890 Angerezi ndi Ajeremani anadula malire a kumpoto kwa nyanja, ndipo mu 1891 Angerezi ndi Apwitikizi anadula a mbali zina. Cifukwa ca malire odulidwa m'zaka zimenezo, Acewa a cinenero cimodzi ndi a Kalonga mmodzi apezeka lero m'maiko atatu, Malawi, Zambia ndi Mozambique, ndipo munthu afuna cikalata kuti akalire maliro a malume ace tsidya lina la mtsinje.

Kuno ku Zimbabwe kunacitika cotere. Pa 30 October 1888 Charles Rudd ndi anzace, otumidwa ndi Cecil Rhodes, analandira kwa mfumu Lobengula cikalata cowalola kukumba miyala ya mtengo wapatali. Lobengula atazindikira zimene zinalembedwamo anacikana, natumiza mau kwa Mfumukazi Victoria. Koma mu October 1889 kampani ya Rhodes inapatsidwa cilolezo ca ufumu wa England, ndipo pakutha pa 1890 Azungu anali atakhoma kale zikhomo zao za golidi pa mapiri a Hartley, pafupi ndi mtsinje wa Mupfure. Patapita zaka panabuka mkangano wakuti nthaka ya dziko lino nja yani. Mlandu unapita ku London, ku bwalo la Privy Council, ndipo mu 1918 oweruza anagamula kuti nthakayo nja Mfumu ya England, potsata mwambo wa maiko wa masiku amenewo wakuti wogonjetsa ndiye mwini, ndi kuti umwini wa eni dziko unatha pa kugonjetsedwa kwao. Mu 1930 lamulo logawa nthaka linapatsa Azungu pafupifupi theka la dziko. Cifukwa cace munthu akanena kuti lamulo la pakati pa maiko linayamba ladalitsa wolanda, sanama iai; ndipo njala ya nthaka imene inaphulika mu 2000 inali ndi mizu yace yakuya.

MAKOLO ATHU NDI MAPANGANO A ABWANAMKUBWA

Pa nthaka yolandidwayo panatseguka migodi ndi mapulazi, ndipo manja anacepa. Makolo athu, otsenderezedwa ndi msonkho wa nyumba, anauyamba ulendo wa pansi kucokera ku Nyasaland, ku Fort Jameson ndi ku Tete, naoloka Zambezi, nafika ku Cam and Motor pa Eiffel Flats, ku Dalny pa Chakari, ku Giant pa Gadzema, ndi m'mapulazi a cimanga, fodya ndi thonje, masiku amene Kadoma analikuchedwa Gatooma ndi Chegutu Hartley, maina amene anasinthidwa mu 1982. Ena anagwa m'manja a cibalo, ndilo bungwe lolemba anthu nchito limene linakhazikitsidwa mu 1903, natumizidwa kumene mfulu sakanafuna kupita. Akuru amene Boma la Nyasaland linawatuma kufufuza nkhaniyi mu 1935 anayesa kuti anthu 120,000 anali kunja kwa dziko lao, ndipo gawo lalikuru la iwo linasanduka machona.

Kodi lamulo la pakati pa maiko linati ciani za iwo? Itatha nkhondo yoyamba ya dziko lonse, mu 1919, maiko anapangana kukhazikitsa League of Nations pamodzi ndi bungwe loona za anchito, lochedwa ILO, ndipo zonse ziwiri zinakhala ku Geneva. Mu 1930 bungwe la anchitolo linaturutsa pangano loletsa thangata ndi nchito yokakamiza, ndipo Britain analibvomera mu 1931. Mau ace anali okoma, koma panganolo linasiya khomo lotseguka la nthawi ya nkhondo. Ndipo mu 1942, nkhondo yaciwiri iri m'kati, Boma la Southern Rhodesia linapanga lamulo logwira amuna a dziko lino kukalima m'mapulazi a Azungu, lamulo limene linakhala kufikira 1946. Mu 1936 maboma atatu, la Southern Rhodesia, la Northern Rhodesia ndi la Nyasaland, anapangana ku Salisbury za kayendedwe ka anchito, za zitupa zao ndi za kubwerera kwao, ndipo m'zaka zomwezo munayamba malori a Ulere amene anapeputsa ulendo. Sitikana kuti zina zinathandiza. Koma taonani: wokamba anali Bwanamkubwa, wokambidwa anali mnyamata wa tikiti. Ndipo wa nchito akafuna kudzinenera yekha, monga anacita Robert Sambo wa ku Nyasaland posonkhanitsa anchito ku Bulawayo, anampitikitsa m'dziko, ndimo anacitira naye mu 1927.

Ngakhale mfumu yokhala nao mpando ku Geneva siinapulumuke. Ethiopia anali m'gulu la League of Nations kuyambira 1923, ndipo pangano la gululo linati wothira nkhondo mmodzi waputa onse. Mu October 1935 Italy anathira nkhondo Ethiopia. Maiko anamtsekera malonda ena, koma mafuta oyendetsa nkhondoyo sanamtsekere. Mu June 1936 Haile Selassie anaimirira yekha pamaso pa nthumwi ku Geneva kudandaula, ndipo mwezi wotsatira cilango cocepaco cinacotsedwa. Pamenepo anthu akuda a dziko lonse anaphunzira kuti lamulo lopanda mesenjala liopedwa ndi wofooka yekha.

ITATHA NKHONDO YACIWIRI

Mu 1945 maiko anamanga nyumba yatsopano, ndiyo United Nations, naikamo bwalo la milandu ku The Hague. Nyumbayi inaposa yoyamba ija. Inaletsa nkhondo yolanda dziko la eni. Mu 1948 inalengeza za ufulu wacibadwidwe wa munthu ali yense. Mu 1960 inalengeza kuti utsamunda uthe, ndipo atsogoleri athu omwe anagwira mau amenewo ngati ndodo pomenyera ufulu. Koma zirema zakale zinalowa nao m'nyumba yatsopano. Ku bwalo la ku The Hague munthu wamba sasuma. Asumako maboma okha, ndiponso pokhapokha onse awiri atalola. Ndico cifukwa cace mkangano wa Malawi ndi Tanzania wa malire a pa nyanja, umene unabukanso mu 2012, unapita kwa ankhoswe, ndiwo atsogoleri opuma monga Joaquim Chissano ndi Thabo Mbeki, osafika kwa oweruza. Ndipo m'bungwe la citetezo, limene lokha liri ndi mphamvu yokakamiza, muli maiko asanu, America, Britain, France, Russia ndi China, amene liri lonse likhoza kuletsa cigamulo ndi dzanja limodzi.

Dziko lino linalawa mphamvu ya nyumbayo ndi kufooka kwace komwe. Ian Smith atadzilengeza wodziimira pa 11 November 1965, palibe Boma ndi limodzi lomwe la pa dziko lapansi linambvomereza, ndipo mu December 1966 United Nations inalamula maiko onse kutseka malonda ena ndi Rhodesia, cinthu cimene inali isanalamulepo pa dziko liri lonse. Pamenepo lamulo linaonetsa mano. Koma mafuta anapitirira kulowa podzera ku South Africa ndi ku Mozambique wa Apwitikizi, ndipo mu 1971 America anapanga lamulo lace lace lolola kugula miyala ya chrome ya kuno, kufikira 1977. Ulamuliro wopandukawo unakhala zaka 14, ndipo unagwa pamene nkhondo ya m'thengo inakula ndi anansi oucirikiza anatopa.

MLANDU WA PA MOUNT CARMEL

Tsopano tifike pakhomo. Mu 1992 maiko a kum'mwera kwa Africa anamanga cigwirizano ca SADC ku Windhoek, nalemba m'pangano lao kuti adzasunga ufulu wa anthu ndi ulamuliro wa lamulo, ndi kuti sadzasankha munthu cifukwa ca khungu kapena mtundu. Anakhazikitsanso bwalo la milandu komweko, limene oweruza ace analumbira mu November 2005. Bwalo limeneli linali ndi cinthu cacilendo: munthu wamba, atayesa mabwalo onse a kwao, anali ndi ufulu wosumirako Boma lace. Amalawi anali m'katimo. Isaac Mtambo anali mmodzi wa oweruza, ndipo Charles Mkandawire anali mlembi wamkuru wa bwalo. Caka comweco ca 2005 Nyumba ya Malamulo ya Zimbabwe inasintha malamulo akuru a dziko, kuti pulazi lolembedwa m'ndandanda wa Boma likhale la Boma, ndi kuti bwalo liri lonse la m'dziko lisamve dandaulo la mwini wace pa kutengedwako. Mike Campbell, mlimi wa mango amene anagula Mount Carmel mu 1974, poona kuti makomo a kuno alikutsekeka, anapita ku Windhoek mu October 2007, ndipo pambuyo pace alimi ena 77 analowa naye m'mlandumo.

Mu December 2007 bwalo linalamula kuti Campbell asacotsedwe mlandu usanathe. Pa 29 June 2008 iye, mkazi wace ndi mkamwini wace Ben Freeth anagwidwa ndi gulu la anthu, namenyedwa koopsa. Pa 28 November 2008 cigamulo cinaturuka, ca mfundo zitatu: kuti alimiwo anatsekeredwa njira ya ku bwalo, kuti anasankhidwa cifukwa ca khungu, ngakhale pa mfundo iyi woweruza mmodzi, wa ku Botswana, anatsutsana ndi anzace, ndi kuti Boma liyenera kulipira malo amene linatenga. Oweruza sanati kugawa nthaka n'kulakwa iai. Anati kukanakhala kolungama kukanacitika ndi muyeso woongoka ndi malipiro oyenera, ndipo nthaka ikanapita kwa amphawi opanda minda m'malo mwa okondedwa a cipani. Boma linacikana cigamuloco poyera. Mu 2009 pulazilo linalowedwa, ndipo cakumapeto kwa August ndi kuciyambi kwa September nyumba za eni ace zinapsa ndi moto, pamodzi ndi nyumba zina za anchito. Campbell anamwalira mu April 2011 asanabwerere pa malo ace.

Nanga mesenjala anali kuti? Pangano linati Boma likakana kumvera, bwalo likanene ku msonkhano wa atsogoleri a maiko. Bwalo linakanena katatu, mu 2008, mu 2009 ndi mu 2010. Koma pa msonkhanopo woimbidwa mlandu anakhala pa mpando pamodzi ndi anzace omweruza. Ndipo akuru anati khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Bwalo Lalikuru la ku Harare, pakamwa pa woweruza Bharat Patel mu January 2010, linabvomera kuti Zimbabwe anali womangidwa ndi bwalo la ku Windhoek, koma linakana kutsata cigamulo cace cifukwa cinatsutsana ndi malamulo akuru a dziko. Mu August 2010 atsogoleri, m'malo molanga wosamvera, anaimitsa bwalo. Mu 2012 ku Maputo anagwirizana kuti bwalo latsopano lidzamve milandu ya maboma okha okha, ndipo mu 2014 ku Victoria Falls ena a iwo anasaina cikalata cotero. Wolakwa anatsala pa mpando wace. Wocotsedwa anali woweruza.

CAONA MNZAKO

Tidziwa kuti m'makomboni ena mulibe misozi yambiri yolirira mwini pulazi. Anthu akumbukira poso wocepa, nyumba zodontha, ndi malipiro osakwanira mcere ndi sopo. Ena atero kuti, Unali mlandu wa Azungu, ife utikhudza bwanji? Koma taganizani, abale. Pa khomo limene linatsekedwalo sipanalembedwe kuti la Azungu. Analowerapo Luke Tembani, mlimi wakuda wa ku Nyazura, amene banki inamgulitsira pulazi lace cifukwa ca ngongole popanda ciweruzo ca bwalo, napambana mu 2009. Analowerapo Barry Gondo ndi anzace 8, amene anabvulazidwa ndi apolisi ndi asilikari, napambana m'mabwalo a kuno koma Boma osawalipira, ndipo bwalo la ku Windhoek linaweruza mowakomera mu December 2010. Pa zaka zonse bwalolo linakhala, palibe Boma linasumira Boma linzace. Cotero kunena kuti bwalo likhale la maboma okha ndiko kumanga nyumba yopanda khomo. Wolemera ali nazo njira zina, pakuti akhoza kulemba maloya a ku Johannesburg ndi a ku London. Mu July 2020 Boma linapangana ndi alimi ocotsedwa kuti lidzawalipira madola a America 3.5 biliyoni pa zimene anamanga ndi kukonza m'mapulazi. Pa pangano limenelo wa nchito, amene anaumba njerwa ndi kubzala mitengo, analibe mpando. Iye wopanda loya ndi wopanda cuma ndiye afunitsitsa bwalo lotseguka. Caona mnzako capita, mawa ciona iwe.

Ndipo kwa ife mawa limenelo linali litafika kale. Mu 2001 Boma linasintha lamulo la unzika, kuti yense wokhala ndi unzika wa dziko lina akaukane monga mwa malamulo a dzikolo pasanathe miyezi 6, apo ai ataya wa kuno. Ndipo a ofesi ya kaundula analitanthauzira kuti likhudza ngakhale munthu amene kholo lace lokha ndilo linabadwira kunja. Potero linagwera ana ndi adzukulu a machona, obadwira ku Chakari, ku Rimuka ndi ku Pfupajena, amene ku Malawi sanapondeko, ndipo ambiri za lamulolo sanamve n'komwe. Kuno anawacha mabwidi ndi mabhurandaya. Kwa agogo ao analibe dzina m'kaundula. Anataya voti. Ana ao anabvutika kupeza cikalata ca kubadwa, ndipo wopanda cikalataco abvutika kulemba mayeso, kulembedwa nchito yokhazikika, kapena kutsegula buku ku banki. Pamene mapulazi anagawidwa, owerengeka okha mwa anchito analandira minda.

Kodi lamulo la pakati pa maiko linali cete pa zimenezi? Iai. Cilengezo ca 1948 cinanena kuti munthu ali yense ayenera kukhala ndi dziko lomuyesa wace. Pangano la 1954 losamalira anthu opanda dziko, Zimbabwe analowamo mu 1998. Pangano la Africa la ufulu wa ana, limene Zimbabwe analibvomera mu 1995, liti mwana amene palibe dziko lina lomlandira akhale nzika ya kumene anabadwira. Mau analipo ambiri, mesenjala panalibe. Mu 2021 bungwe la Amnesty International linalengeza kuti anthu ngati 300,000 m'dziko lino anali pa ngozi yokhala opanda dziko, ndipo linapempha Boma kuti lilowenso m'pangano lina la 1961 locepetsa bvutoli.

PAMENE LAMULOLI LILUMA

Kodi tsono tilitaye lamuloli ngati nkhwangwa yopanda mpini? Ife titi iai. Tapenyani kumene linaluma. Alimi atatu, awiri a iwo a ku Chegutu, anatenga cigamulo ca ku Windhoek napita naco ku mabwalo a South Africa. Mu 2013 bwalo lalikuru koposa la kumeneko linacilandira, ndipo mu 2015 nyumba ya Boma la Zimbabwe ku Cape Town inagulitsidwa pa okushoni cifukwa Boma silinalipire ndalama za mlandu. Mu December 2018 bwalo lomwelo linagamula kuti Jacob Zuma analakwira malamulo a dziko lace pothandiza kutseka bwalo la SADC, nililamula kuti dzanja la South Africa licotsedwe pa cikalata ca 2014. Kumeneko cigamulo cinapeza mesenjala wobwereka, ndipo cinayenda.

Kuno nakonso kunacitika cofanana. Malamulo akuru a dziko a 2013, pa gawo 43, ati munthu wobadwira mu Zimbabwe malamulowo asanaturuke, amene kholo lace limodzi linali nzika ya dziko la SADC, ndipo iye anali wokhala muno, ndiye nzika ya Zimbabwe mwa kubadwa. Mu November 2017 Bwalo Lalikuru la ku Harare linalamula kuti anthu otere alembedwe m'kaundula wa masankho ngakhale zitupa zao zakale zinawalemba ngati alendo, akaonetsa cikalata ca kubadwa ndi umboni wa kumene akhala. Mu 2018 Nyumba ya Malamulo ya Malawi inabvomereza kuti munthu akhale ndi unzika wa maiko awiri. Mu February 2024 atsogoleri a African Union analandira pangano latsopano la ufulu wa unzika. Ndipo ku ILO, kumene kale anchito a kuno anali okambidwa cabe, dziko liri lonse litumiza nthumwi zinai, ziwiri za Boma, imodzi ya olemba nchito ndi imodzi ya anchito. Cifukwa ca dandaulo la nthumwi zotere, mu 2008 bungwelo linatuma akuru kudzafufuza za kuzunzidwa kwa atsogoleri a anchito muno, ndipo mu 2010 Boma linabvomera malangizo ao. Phunziro lace ndi ili: lamulo la pakati pa maiko liribe miyendo yace yace; liyenda ndi miyendo ya mabwalo a m'dziko, ya nyumba za malamulo, ndi ya anthu oliumirira.

Cifukwa cace tikupemphani zinthu zitatu. Coyamba, sungani zikalata monga musunga mbeu. Citupa ca agogo, tikiti yakale ya ku mgodi, khadi la ku sikelo, kalata ya ubatizo kapena ya ku sukulu, zonsezi ndi mboni zosaiwala. Ndipo mwana akabadwa, kamlembetseni msanga ku ofesi ya kaundula, osadikira kuti afike pa mayeso. Yense amene gawo 43 limkhudza apite akasinthe citupa cace, pakuti ufulu wolembedwa m'buku suthandiza munthu amene sanaupite kukautenga. Mabungwe athu a maliro, amene adziwa kusonkha za bokosi, asonkhenso za ulendo wa nkhalamba ndi wa mwana wamasiye wofuna cikalata. Caciwiri, lowani m'mabungwe a anchito a m'migodi ndi a m'mapulazi, cifukwa ndiyo njira imene mau a m'komboni afikira ku Geneva. Cala cimodzi sicipha nsabwe. Cacitatu, ofuna voti yanu akadza, afunseni poyera ngati adzanena m'Nyumba ya Malamulo kuti bwalo la SADC litsegulidwenso kwa munthu wamba, ndi kuti mapangano a unzika alowe m'malamulo a dziko ndi kutsatidwa pa windo la ofesi.

Atsogoleri athu anaitana lamulo la pakati pa maiko pamene analikulimbana ndi Smith, ndipo anacita bwino. Sikuyenera kuti lamulo lomwelo likhale lokoma pamene liluma mdani ndi loipa pamene liluma mwini nyumba. Linabadwa ndi zirema, ndipo linatumikira wolanda zaka zambiri. Koma mankhwala a bwalo lokondera ndiwo kuliongola ndi kulikuzira khomo, kuti alowe ndi iye amene makolo ace anadza wapansi kuoloka Zambezi. Makolo amenewo anakambidwa ku Berlin, ku London, ku Geneva ndi ku Salisbury osafunsidwa. Adzukulu ao ali ndi voti, ali ndi mabungwe, ndipo ali ndi gawo lolembedwa m'malamulo akuru a dziko. Akuru anati mlandu suola. Tsalani bwino, abale, ndipo nkhaniyi muwawerengere anzanu a m'komboni amene maso ao atopa.